Ku Livingstone buku la Chijeremani silisowa

Munthu akanena kuti akupita ku Livingstone, tonse timadziwa kuti akukaona mathithi. Palibe amene amakwera basi pa Intercity ku Lusaka, n'kupirira ulendo wa makilomita oposa 450 kudzera ku Kafue, Mazabuka, Monze, Choma ndi Kalomo, kuti akagule buku. Koma ine ndili ndi kanthenda kanga. Tawuni iliyonse yomwe ndafika, ndisanafunse komwe amaphika nsima yabwino ndimayamba ndafunsa komwe kuli mabuku. Choncho mundilole ndikuuzeni zomwe ndinapeza nditayenda wapansi mumzinda wa m'mbali mwa Zambezi uja.

Livingstone savuta kuyenda. Pafupifupi zonse zili pa msewu umodzi wa Mosi-oa-Tunya, womwe umadutsa pakati pa tawuni n'kutsetsereka makilomita ngati 10 kukafika ku mathithi ndi pa mlatho wolowera ku Zimbabwe. Mlathowo unatha kumangidwa mu 1905, ndipo tawuniyi inakula chifukwa cha mlathowu ndi njanji. Kuyambira 1911 kuno ndiye kunali likulu la Northern Rhodesia, mpaka mu 1935 pomwe boma linasamukira ku Lusaka. Nyumba zakale za makonde aatali zikadalipo, ndipo m'makonde amenewa ndi momwe wosaka mabuku amayambira ntchito yake.

Sitolo zomwe zili ndi chikwangwani choti amagulitsa mabuku sizinanditayitse nthawi. Mukalowa mumapeza makope, zolembera, marula, mapepala okutira makope, mabuku a Giredi 7, Giredi 9 ndi Giredi 12, ndi timabuku ta mafunso a mayeso akale. Kumapeto kwa shelefu kumakhala Mabaibulo ndi mabuku a nyimbo. Zimenezi n'chimodzimodzi ku Limbe, ku Chipata kapena ku Kasungu, ndipo sindingawanene eni sitolo. Lendi amalipira ndi ndalama ya kholo lomwe labwera mu Januwale ndi mndandanda wochokera kusukulu. Wofuna nthano amabwera mwa apo ndi apo, ndipo nthawi zambiri amangovundukula masamba n'kutuluka.

Kokoma ndi panja, kwa anyamata oyala mabuku a kaunjika, kapena kuti salaula monga amanenera anzathu a ku Zambia. Mmodzi yemwe ndinacheza naye anali atayala thumba lofutukula pakhonde, mabuku atawandandalika chagada, ena atawapsinja ndi timiyala kuopa mphepo. Dzuwa la kuchigwa cha Zambezi silinyengerera. Zikuto za mabuku a mzere wakutsogolo zinali zitayezuka moti nkhope ya mkazi wa pa buku la Danielle Steel inangotsala milomo yokha. Panali John Grisham, Sidney Sheldon, James Hadley Chase yemwe ankatigoneka mochedwa tili ku sekondale, ndi Wilbur Smith, yemwe anabadwira m'dziko lomweli mu 1933 ngakhale ambiri amamuyesa wa ku South Africa. Pamwamba penipeni, pamalo a ulemu, panali Rich Dad Poor Dad, mabuku a Ben Carson ndi a alaliki a ku America.

“Sankhani kaye abwana, mtengo tikambirana,” anatero mnyamatayo m'Chinyanja cha m'tawuni. Nditamufunsa omwe amayenda malonda, analoza mulu wa pamwamba uja osaganiza n'komwe. “Awa a ndalama ndi a Mulungu. Enawa amagula ndi amayi ndi ana a sukulu pa holide.”

Ndinatola buku lina lokhuthala. Mkati mwa chikuto munali chidindo cha laibulale ya m'tawuni ina ya ku England, ndi chidindo chachiwiri chonena kuti bukulo lachotsedwa pa shelefu. Kapepala kolembapo masiku obwezera kanali kakadali komata, madeti atadindidwa mzere wotsika mpaka pomwe anthu a kumeneko anasiyira kulibwereka. Buku lakana kufa limeneli. Lawoloka nyanja, ladutsa m'manja mwa anthu osadziwika, lafika pakhonde la ku Livingstone, ndipo mtengo wake sunafike pa wa mbale ya nsima ya nkhuku.

Mabuku a zinenero zachilendo ali ndi kwawo kwina. Muwafune m'malo ogona alendo, makamaka aja otchipirapo omwe amafikira achinyamata oyenda ndi zikwama zakumsana. Pafupi ndi bala kapena polandirira alendo pamakhala shelefu, ndipo lamulo lake n'losavuta: siya limodzi, tenga limodzi. Pamenepo ndinaona mabuku a Chijeremani, Chidatchi, Chifalansa, ena a zinenero za ku Scandinavia, ndi limodzi la zilembo zomwe sindinadziwe n'komwe koyambira kuwerenga. Ambiri anali otupa, masamba atapindikapindika. Aliyense yemwe anayendapo m'mphepete mwa mathithi mu Epulo, madzi atadzaza, akudziwa chifukwa chake: nthunzi ija imagwa ngati mvula, ndipo chilichonse chili m'chikwama chimanyowa. M'kati mwa limodzi ndinapezamo tikiti ya sitima ya Tazara, munthu atayiyesa chokumbutsira tsamba. Buku lina lotsogolera alendo linali litang'ambidwa pakati, mwini wake atatenga masamba a Botswana ndi Namibia komwe ankalowera, n'kusiya a Zambia poti ntchito yawo yatha.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo shelefu ya pamalo ogona imakuuza mame omwe anagwa chaka chino ndi komwe anachokera. Imakuuzanso zomwe alendowo amawerenga pofuna kutidziwa. Sipalephera kupezeka The No. 1 Ladies' Detective Agency ya Alexander McCall Smith, poti Botswana ali pafupi, kungowoloka mlatho wa Kazungula womwe unatsegulidwa mu 2021. Pamapezekanso Don't Let's Go to the Dogs Tonight ya Alexandra Fuller, yemwe anakulira ku Zimbabwe, Malawi ndi Zambia. Ndi mabuku abwino, sindikutsutsa. Koma mlendo amabwera atanyamula Africa wolembedwa ndi mzungu mnzake, n'kumusiyira mlendo wina pashelefu, n'kumapita.

Mwambo umenewu ndi wakale kuno. David Livingstone anaona mathithiwa mu Novembala 1855, ndipo mu 1857 buku lake la Missionary Travels linatuluka ku London n'kugulidwa ngati ndiwo. Ku Livingstone Museum, yomwe inayamba mu 1934 ndipo ndi yakale kuposa ina iliyonse m'Zambia, amasunga makalata ena omwe iye analemba ndi dzanja lake. Mu 1906 Leopold Moore, wogulitsa mankhwala, anayambitsa nyuzipepala ya Livingstone Mail. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 kuno kunabadwanso Rhodes-Livingstone Institute, bungwe la akatswiri ofufuza za chikhalidwe cha anthu, lomwe pambuyo pake linasamukira ku Lusaka. Tawuniyi yalembedwa kwambiri, koma cholembera nthawi zambiri chinali m'dzanja la wobwera. N'chifukwa chake ndinakondwa Namwali Serpell, mwana wobadwira ku Lusaka, atatulutsa The Old Drift mu 2019, dzina lake atalitenga ku kamudzi ka azungu oyamba m'mphepete mwa mtsinje, komwe malungo anapululira anthu tawuni isanasunthidwire kumtunda. Bukulo linapata mphoto ya Arthur C. Clarke mu 2020. M'makonde ndi m'mashelefu omwe ndinayendamo sindinakumane nalo.

Chomwe ndinkafunitsitsa, komabe, chinali kabuku ka nthano m'Chilozi. Musadabwe. Chilozi chinachokera ku chinenero cha Makololo, anthu a Sebitwane omwe analamulira chigwa cha Zambezi mpaka 1864. Mwana wake Sekeletu ndiye anapatsa Livingstone amuna omuperekeza, ndipo ena mwa amunawo anatsalira m'chigwa cha Shire n'kusanduka mafumu pakati pa Amang'anja. Mayina ngati Kasisi, Katunga ndi Maseya ku Chikwawa akuchokera kumeneko. Ndiye ine, mwana wa ku Malawi, ndinafuna kubwerera kwathu ndi kanthu kolembedwa m'chinenero cha abale a mafumu aja, ngakhale n'kanamachita kukawerenga mogwagwaja.

Yankho linali limodzi paliponse. “La Chilozi? Baibulo kapena la sukulu?” Nditati la nthano chabe, lowerenga pocheza, mayi wina wogulitsa m'sitolo anandiyang'ana mwachisoni. “Aaa bambo, amenewo anali kale. Mwina mukafunse kwa aphunzitsi opuma.” Ndinayesa Chitonga, zomwezo. Ndinayesa Chinyanja, chomwe chimamveka pamsika wa Maramba ndi m'minibasi tsiku lonse, zomwezonso. M'tawuni momwe buku la Chijeremani ndikanalitenga ulere, la chinenero cha mayi wogulitsa tomato linasowa ndi ndalama m'manja.

Mayi uja sananame kuti analipo kale. Mu 1948 maboma a Northern Rhodesia ndi Nyasaland anakhazikitsa bungwe limodzi losindikiza mabuku a zinenero zathu, likulu lake ku Lusaka, ndipo mabuku a Chinyanja ankawoloka malire mbali zonse ziwiri. Mwana wa ku Katete ndi mwana wa ku Dowa ankatha kuwerenga alembi omwewo. Samuel Ntara wa Nthondo ndi John Gwengwe wa Kukula ndi Mwambo ankadziwika kuno ndi uko, ngakhale anzathu amalemba c pomwe ife timalemba ch. Stephen Mpashi anadzaza mashelefu a Chibemba. Ufulu utabwera, ku Zambia ntchitoyo inapitirira pansi pa Kenneth Kaunda Foundation ndi NECZAM, yomwe mbewu yake lero ndi Zambia Educational Publishing House. Kwathu Popular Publications ya ku Limbe inatipatsa Willie Zingani ndi anzake. Nanga mabuku onsewa analowera kuti, kuti ngakhale pa kaunjika asapezeke?

Ndaganizira nkhaniyi, ndipo ndikuona kuti gwero lake lili pa momwe mabukuwo ankagulidwira. Buku limafika pa thumba la mnyamata wa pakhonde pokhapokha wina atayamba waligula latsopano, n'kukhala lakelake, n'kulitopera. La Chijeremani lija lili pashelefu chifukwa munthu wina ku Hamburg kapena ku Munich anatulutsa ndalama yake asanakwere ndege. Athuwa ambiri ankagula ndi unduna wa maphunziro. Ankafika pasukulu m'makatoni, ana anayi kapena asanu n'kumalimbirana limodzi, chaka ndi chaka, mpaka chikuto kuthothoka, tsamba loyamba ndi lomaliza kusowa. Silabasi ikasintha, otsalawo ankatsekeredwa m'kachipinda kosungira katundu, chiswe n'kumalizitsa. Buku lotere silikhala ndi moyo wachiwiri chifukwa silinakhalepo ndi mwini. Ndipo m'zaka za m'ma 1990, msika wa mabuku utatsegulidwa kwa aliyense m'maiko onse awiri, osindikiza anathamangira komwe kuli ndalama yotsimikizika, komwe ndi mabuku a m'kalasi. Nthano yomwe sili pa silabasi inatsala yamasiye.

Ena amati anthu athu sakonda kuwerenga m'chinenero chawo. Bodza limenelo. Afunseni akuluakulu a ku Zambia momwe midzi inkakhalira chete Julius Chongo akayamba Poceza M'madzulo pa wailesi. Onani lero momwe nkhani zazitali za Chichewa ndi Chinyanja zimayendera pa Facebook ndi pa WhatsApp, anthu kumadikira gawo lotsatira mpaka kukalipira wolemba akachedwa. Njala ya nthano ilipo. Chomwe tinataya ndi chizolowezi chotulutsa ndalama m'thumba kugula buku la chinenero chathu. La Chingerezi timagula n'kuliika pabalaza kuti alendo aone. La Chichewa timati ndi la ana a sukulu.

Komabe ochepa anapulumuka, ndipo ndikudziwa komwe ali. Ali m'masutikesi a pansi pa bedi m'nyumba za aphunzitsi opuma, abusa ndi makalaliki akale, pamodzi ndi masatifiketi ndi zithunzi za ukwati. Mwini wake akatisiya, ana amagawana mipando ndi wailesi, mabuku aja n'kupita kwa mayi wokazinga mandasi kuti azikulungira. Pamenepa ndiye pondiwawa, chifukwa ambiri mwa mabukuwa sadzasindikizidwanso.

Ndiye pempho langa kwa inu owerenga ndi ili. Tsegulani masutikesi a makolo chiswe chisanakutsogolereni. Omwe simukuwafuna musawotche, kaperekeni ku laibulale kapena kagulitseni kwa anyamata a pakhonde kuti abwererenso m'manja mwa anthu. Mukaima pa kaunjika wa mabuku, kaya ndi ku Limbe, ku Chipata kapena ku Lusaka, funsani la Chichewa ngakhale mukudziwa kuti palibe, chifukwa wamalonda amasaka chomwe anthu akufunsa. Ndipo inu amene mukukonza ulendo wokaona mathithi, ponyani kabuku kamodzi ka Chichewa m'chikwama, mukakasiye pashelefu ya pamalo omwe mukagone. Mjeremani sakakagwira, koma mlonda wa usiku, wophika ndi mayi wosesa m'zipinda akakawerenga.