Ubale wa Malawi ndi boma la FRELIMO (1975–1992)

Mozambique italandira ufulu wodzilamulira pa 25 June 1975, Malawi inapezeka itazingidwa kum'mawa, kum'mwera ndi kum'mwera chakumadzulo ndi boma lomwe silinkaonana bwino ndi Dr Hastings Kamuzu Banda. Pomwe FRELIMO inkamenyera ufulu, Kamuzu anali paubwenzi ndi Apwitikizi, ndipo mu 1967 anakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi boma la tsankho la South Africa. Mu 1977 FRELIMO, motsogozedwa ndi Samora Machel, inalengeza kuti ikutsata mfundo za Marx ndi Lenin, zomwe Kamuzu ankazida poyera.

Komabe Malawi sikanatha kumenyana ndi mnansi wakeyo maso ndi maso, chifukwa katundu wake wambiri ankadzera pa njanji za ku Beira ndi Nacala. Choncho boma linayenda njira ziwiri. Poyera linalowa nawo m'bungwe la SADCC mu 1980 limodzi ndi Mozambique. Mseri, boma la Maputo linkadandaula kuti zigawenga za RENAMO, zomwe zinkathandizidwa ndi Rhodesia kenako South Africa, zinkabisala ndi kudutsira m'Malawi. Boma la Malawi linkakana zimenezi.

Ngati kulekerera RENAMO kunali njira yofooketsera FRELIMO, njirayo inapweteka mwini wake. Pofika 1984 zigawengazo zinali zitaononga njanji zonse ziwiri, ndipo fodya, tiyi ndi feteleza zinayamba kuzungulira njira yaitali ndi yodula ya ku Durban.

Mu September 1986 Machel, Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe anakumana ndi Kamuzu ku Blantyre. Machel anaopseza kuti atseka malire ndi kuikapo mizinga. Anamwalira pa ngozi ya ndege ku Mbuzini pa 19 October, koma mu December mayiko awiriwa anasainirana pangano la chitetezo, ndipo mu 1987 asilikali a Malawi anapita kukalondera njanji ya Nacala polimbana ndi RENAMO yomweyo.

Nkhondoyo inathamangitsira m'Malawi anthu pafupifupi 1 miliyoni, makamaka m'maboma a m'malire monga Nsanje, Ntcheu ndi Dedza. FRELIMO inasiya mfundo za Marx mu 1989, ndipo pangano la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 October 1992. Anthu a ku Mozambique akubwerera kwawo, malo a Dzaleka ku Dowa, omwe anali ndende ya akaidi andale, anasandutsidwa msasa wa othawa nkhondo a kumayiko ena mu 1994.