Mlandu Wogwera Amene Anapita ku Sikelo

M'midzi yathu ya ku Chiradzulu muli chiweruzo china chimene chimaperekedwa popanda bwalo ndi popanda mboni. Mai woyembekezera akapita ku sikelo, kaya ku Namitambo, ku Mbulumbuzi kapena ku Nguludi, amamuyeza magazi. Akapezeka ndi kachilombo ka HIV, iye ndiye woyamba kudziŵa m'banjamo, ndipo chifukwa cha kuyamba kudziŵako amasanduka wobweretsa matenda. Bambo amene sanapondeko ku chipatala ndiye amakhala woweruza. Ife tikuti kumeneku n'kupotoza chilungamo, ndipo tonse ongoonerera tili nao mlanduwu.

Tisanamizire kusoŵa kwa mankhwala. M'chaka cha 2001 bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka ma ARV aulere kuno ku Chiradzulu, pa nthaŵi imene ophunzira ena akunja ankati mmphaŵi wa kumudzi sangathe kumwa mankhwala motsata malangizo. Mu 2011 dziko la Malaŵi linatsogola ndi njira yotchedwa Option B+: mai aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa wopezeka ndi kachilomboka ayambe mankhwala pomwepo, moyo wake wonse. Bungwe la WHO linailandira njirayi mu 2013. Popanda chithandizo, ana 15 mpaka 45 mwa 100 alionse amatengera kachilombo kwa mai wao. Ndi chithandizo choyenera safika 5.

Nanga bwanji ana ena akutengerabe? Chifukwa botolo la mankhwala lili kubisidwa kudenga kapena m'thumba la chimanga. Bambo akakhala pakhomo, maiyo samwa. Tsiku lokatenga ena likafika, sapeza bodza loti apemphere ndalama ya kabaza. Ndipo mantha ake si achabe. Kwathu kuno n'kwa chikamwini: mkamwini akapsa mtima amangonyamula chikwama chake nabwerera kwao, kusiya mkazi ndi pathupi, ana, ndi munda wosalima. Tsono talingalirani: khanda liyenera kumwa madzi a nevirapine tsiku ndi tsiku kwa masabata 6, liyezedwe litakwanitsa masabata 6, chaka chimodzi ndi zaka 2. Zonsezi zingabisike bwanji m'nyumba ya chipinda chimodzi? Mai akadumphitsa mankhwala, kachilombo kamachulukanso m'magazi, nikapeza njira m'mkaka wa m'maŵere. Wolipira ukali wa bambo ndi mwana wake yemwe.

Inu abambo, kuyezetsa magazi sikutha ngakhale ola limodzi, pamene pa bawo mumatha tsiku lathunthu. Mukuti ku sikelo n'kwa akazi? Zamveka kuti amai ena amachita kulemba ganyu wakabaza kuti akaime ngati mwamuna wao pamaso pa anamwino. Manyazi amenewo ndi a yani? Dziŵaninso kuti alipo mabanja amene wina ali nako kachilombo, wina alibe, ndipo amakhala zaka zambiri osapatsirana, malinga wodwalayo azimwa mankhwala mokhulupirika. Kuthaŵa sikuchiza mmodzi mwa inu.

Apongozi nanunso, ndi ife a m'miphakati amene timanong'onezana tikaona mnzathu akuchokera ku chipatala pa tsiku la ma ARV, ndife amene timalikweza botolo lija kudenga. Ankhoswe, mumathamanga usiku pa mkangano wa ndiwo ndi mchere. Mlongo wanu akaima, itanani mlamu wanuyo, mumufunse pamaso pa anthu aŵiri ngati wayezetsa, ndipo ngati sanatero, mugwirizane tsiku loti mumperekeze.