Nyanja Ili Kale ndi Mchere, Musathirenso Wina

Abale anga m'gulu lino, lero ndabwera ndi mkangano, mundikhululukiretu. Mwezi uno ndawerenga ndakatulo zingapo zolira nsomba za m'nyanja yamchere zomwe akuti zapenga ndi asidi: kwawo sizikudziwanso, zikukalowa zokha m'kamwa mwa adani. Ndemanga zoyamikira mbwee! Ine ndikuti alembi, tisiye zimenezi.

Tiyambe ndi zosatsutsika. Nyanja zamchere zimameza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mpweya wa carbon dioxide umene anthu timatulutsa potentha malasha ndi mafuta. Mpweyawo ukasungunuka m'madzi umapanga asidi. Chiyambireni mafakitale, muyeso wa pH ya madziwo watsika kuchoka pa 8.2 kufika pa 8.1. Musapusitsike ndi kuchepa kwa nambalayo: zikutanthauza kuti asidi wakwera ndi pafupifupi 30 peresenti.

Tsono za nsomba zopengazo. Mu 2009, Philip Munday, Danielle Dixson ndi anzawo a ku James Cook University ku Australia analengeza kuti tiana ta clownfish, kansomba ka m'filimu ya Nemo kaja, tikaleredwa m'madzi a mpweyawu wambiri timalephera kununkhiza kwawo. Mu 2010 anawonjezera kuti timakopeka ndi fungo la nsomba zotidya. Nkhani inawanda dziko lonse. Koma mu 2020, Timothy Clark ndi anzake anafalitsa m'magazini ya Nature zomwe anapeza atayesanso kwa zaka zitatu pa nsomba zoposa 900 za mitundu 6. Nsombazo zinkathawabe fungo la adani bwinobwino. A Munday anatsutsa, akatswiri anakangana, koma ife tikuimba mbali imodzi yokha ngati yagwa kuchokera kumwamba.

Ndikudziwa yankho lanu: "Achimwene, bola uthenga ufike." Ayi ndithu. Kuno ku Nkolokosa ndimakhala pabawo ndi anthu okhulupirira kuti zakusintha kwa nyengo ndi njira ya mabungwe yodyera ndalama. Tsiku lomwe mmodzi wa iwo adzaone kafukufuku wa Clark pafoni yake, sadzataya nkhani ya nsomba yokha. Adzataya zonse, zoona zomwe. Mtsuko tidzakhala tauswa tokha.

Nanga zoona zatichepera? Asidi amavutitsa zamoyo zomanga zigoba. Cha m'ma 2007 ndi 2008, tiana ta nkhono zotchedwa oyster tinafa tambirimbiri pamalo oziwetera ku Oregon, ku America, ndipo akatswiri anapeza kuti gwero lake ndi madzi a asidi. Matanthwe amoyo a coral, momwe nsomba zambiri zimabisala ndi kukulira, nawonso amavutika kukula. Ndipo musati poti Malawi alibe nyanja yamchere sizikutikhudza: karapau amene timagula ku Limbe sachokera ku Mangochi.

Ife amene tinaona matope a phiri la Soche akukwirira nyumba ku Chilobwe mu Marichi 2023 sitifunika nthano kuti tiope nyengo. Wolemba ndakatulo ali ndi ufulu wokometsera mawu, inde, koma alibe ufulu wogulitsa mtsutso ngati chigamulo. Musanalire nsomba, fufuzani kaye ngati yadwaladi. Amene simukugwirizana nane, bwalo ndi ili.