Musagumule matailosi denga likudontha

Munthu akamaliza kukonzetsa nyumba n'kuyamba kunong'oneza bondo, zifukwa zake zimakhala zamitundu iwiri, ndipo ambiri timaziphatikiza. Pali zovuta za m'maso chabe: penti amene m'chitini ankaoneka bwino wafika pakhoma ali wachikasu kwambiri, matailosi a pabalaza sakugwirizana ndi makatani, mlamu wanu waika siling'i yamakono pamene yanu ndi ya mabolodi wamba. Ndiye pali zovuta za nyumba yeniyeniyo: khoma lonyowa, mng'alu womwe ukunka nukula, madzi odonthera pakama. Zachiwirizi zikonzedwe msanga, ngakhale pangongole. Zoyambazo zidikire kaye chaka chathunthu.

Ndikulankhula monga msungichuma wa banki m'khonde ya kwathu ku Chirimba. Buku la ngongole limakhala ndi ine, ndipo aliyense wobwereka amanena chimene akukachita nazo ndalamazo. Pagulu pathu chiwongoladzanja ndi 20 peresenti pamwezi. Ndalama yotereyi ndi yokaodera tomato kapena kaunjika, kugulitsa, n'kubweza. Koma Khirisimasi ikamayandikira sipalephera kubwera mayi wina wofuna ngongole yoti agumulire matailosi amene anaika chaka chathachi. Ndikafunsa kuti, "Amayi, asweka kodi?" yankho limakhala lakuti, "Ayi, sakundisangalatsanso basi." Mtima umandipweteka, chifukwa ndikudziwa kuti mu Januwale mayi yemweyu adzasowa fizi ya mwana.

Matailosi omatidwa ndi simenti sachoka amphumphu. Mumalipira wogumula, mumalipira wosalaza pansi kachiwiri, kenaka mumagula atsopano pamtengo walero. Kwacha inagwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo matailosi ambiri amene timagula m'mahadiweya amachokera kunja. Amene anaika ake zisanachitike zimenezi ali ndi katundu amene lero mwina sangamukwanitsenso, koma akufuna kumusandutsa zidutswa zokatsekera maenje mumsewu. Ndalama imene inapita inapita, madzi akatayika saoleka. Kugumula sikuibweza, kumangoitanira ina kuti iitsatire.

Komanso maso amazolowera. Masabata oyamba ntchito ikangotha, munthu amalowa m'chipinda n'kuona cholakwika chokhachokha, chifukwa ndi chimene wakhala akuchiganizira usiku wonse. Mipando ikabwerera m'malo mwake, ana akayamba kusewera pansipo, mtundu wa tailosi uja umaiwalika. Chimene chimautsa chilondacho kawirikawiri ndi zithunzi za nyumba za anthu ena pa Facebook ndi pa WhatsApp, zojambulidwa tsiku limene mwini wake sanalowemo n'komwe. Masitayelo nawo satha. Tinakulira m'nyumba za simenti yofiira yopaka polishi, kunabwera matailosi ang'onoang'ono, lero kuli akuluakulu onyezimira. Wothamangitsana nazo adzagumula mpaka kukalamba. Penti yekha ndiye ndingavomere msanga, chifukwa chipinda chimodzi chimatha ndi chitini chimodzi kapena ziwiri, osaphwanya kanthu.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwenikweni ndi anthu amene ali ndi vuto loyenera kukonzedwa koma akulibisa. Tengani denga lobisika limene latchuka m'matauni mwathu. Ambiri anasasula denga labwinobwino, n'kukweza khoma kuti malata asamaoneke. Kuseri kwa khomalo malata amakhala ogona kwambiri, ndipo madzi onse amasonkhana mu ngalande imodzi yomwe imatulukira pa paipi. Masamba a mango ndi majumbo akatseka paipiyo, mvula ya mu Januwale ndi Febuluwale imadzaza ngalandeyo, madzi n'kubwerera pansi pa malata. Amayamba ndi kadontho pasiling'i. Pamwambapo matabwa akuola pang'onopang'ono, mawaya amagetsi akunyowa, ndipo thabwa lonyowa ndi chakudya cha chiswe. Khoma nalo, poti denga silinatulukire kunja kuti liliphimbe, limamenyedwa ndi mvula kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Denga lotereli likamangidwa ndi mmisiri wodziwa, wopatsa malata kutsetsereka kokwanira, ngalande yotakata ndi potulukira madzi pachiwiri, limagwira ntchito. Koma lanu likadontha nyengo ziwiri zamvula motsatizana ngakhale munamatapo phula, lekani kupaka penti pa banga la pasiling'i. Lisasuleni. Manyazi oti anthu adzati chiyani poti munalionetsa kwa aliyense ndi aang'ono poyerekeza ndi siling'i kugwera mwana ali mtulo. Ife a ku Blantyre tinaona mu Malichi 2023, pa namondwe wa Freddy, zimene madzi amachita. Matope ochokera m'phiri la Soche anakokolola nyumba ku Chilobwe, ndipo m'madera ena makoma ankangogwa okha atamwa madzi masiku angapo. Kuyambira pamenepo khoma lonyowa sindiliona ngati nkhani ya maonekedwe.

Chinyezi chokwera kuchokera pansi chili m'gulu lomweli. Pomanga, amisiri ena amadumpha pulasitiki wakuda uja woyala pamwamba pa maziko, ndipo pulasitala amayamba kufufuma m'munsi mwa khoma. Mwini nyumba amamata matailosi pakhomapo kuti abise. Madziwo sapita kwina, amangokwera n'kukatulukira pamwamba pa matailosiwo. Choyamba n'kukumba ngalande ndi kuthira simenti kuzungulira nyumba kuti madzi a padenga asamaime pamaziko.

Pa matailosi pali amodzi amene ndimati achotsedwe mosazengereza: onyezimira oikidwa m'bafa kapena pakhonde. Akanyowa amaterera, ndipo m'nyumba zathu timakhala ndi agogo. Munthu wokalamba akathyoka fupa la m'chiuno, ambiri sayendanso ngati kale. Chimodzimodzi mawaya amene analumikizidwa ndi mnyamata wongodziwa pang'ono chifukwa anatchula mtengo wotsika. Soketi ikamatentha kapena kuthetheka, itanani wamagetsi amene ali ndi chilolezo cha bungwe la MERA ayendere nyumba yonse. Mayi wobwera kudzabwereka pa zifukwa ngati izi ndimamuikira kumbuyo pamaso pa gulu.

Wina anena kuti ndalama ndi zake, ndipo nyumba ndi malo amene amadzukamo tsiku ndi tsiku, ayenera kusangalala nayo. Zoona. Munthu amene wavutika zaka zambiri kugula njerwa pang'onopang'ono ali ndi ufulu wofuna chokongola, ndipo sindimuseka. Chaka chikatha chinthucho chikumuwawabe, fizi walipira, denga ndi louma, ndalama ili m'manja mwake osati yobwereka, asinthe. Chimene ndikukana n'kugumula mtima uli m'mwamba, kapena kugumula pofuna kutseka pakamwa mwamuna kapena mkazi amene akungoti, "Ndinakuuzani ine." M'mabanja ambiri mkangano wa nyumba umakhala wa amene anasankha, ndipo matailosi atsopano sauthetsa.

Mukatsimikiza zokonzanso, nthawi yake ndi yachilimwe, kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Ntchito zambiri zimene anthu akulira nazo zinagwiridwa mothamanga kuti alendo a Khirisimasi adzapeze zatha. Simenti imafuna kuthiriridwa madzi sabata yathunthu, ndipo konkire imafika pa mphamvu yake patatha masiku 28. Pogula malata funsani geji, podziwa kuti nambala ikamakwera lata limapyapyala: la 28 ndi lochindikala kuposa la 32. Kaoneni nyumba imene mmisiriyo anafolera zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo, mufunse okhalamo osati iyeyo. Mulemberane pakapepala ntchito ndi mtengo wake, muzilipira m'magawo, ndipo mugwirizane kuyambira pachiyambi kuti gawo lomaliza adzalandira mvula yoyamba yamphamvu ikagwa, inu mutakwera kukaona pamwamba pa siling'i.