Kodi Boma Lilange Chimo Lililonse?

Pa maphunziro a katekisimu timamva mafunso awiri ooneka ngati osiyana, koma muzu wake ndi umodzi. Acinyamata amafunsa kuti: "Thupi ndi langa, ndani angandilamule?" Akuluakulu nao amadandaula kuti: "Dziko laonongeka, bwanji boma silimanga onse ocita zonyansa?" Yankho la Eklezia silikondweretsa kotheratu mbali iliyonse, ndipo tiyenera kulimvetsa bwino.

Tiyambe ndi dandaulo la akuluakulu. Woyera Tomás de Aquino, amene anamwalira m'caka ca 1274, anaphunzitsa m'buku lake la Summa Theologiae kuti lamulo la anthu siliyenera kuletsa zoipa zonse. Lamulo limaikidwira khamu lonse, ndipo ambiri mwa ife sitinakhwime m'makhalidwe abwino. Nchito yake ndi kuletsa zoipa zikuluzikulu, makamaka zopweteka ena, monga kupha ndi kuba, zimene zikalekereredwa anthu sangathenso kukhalira pamodzi. Iye anacenjezanso kuti anthu akasenzetsedwa katundu woposa mphamvu zao, amagwa m'zoipa zoposa zoyamba.

Ife a ku Moçambique tinaziona izi ndi maso. M'caka ca 1983 boma linacita Operação Produção: anthu zikwizikwi amene linawaona ngati malova anatengedwa m'mizinda monga Maputo ndi Beira, ndipo ambiri anatumizidwa ku Niassa kuti akalime. Pakati pao panali amayi osakwatiwa amene ananenezedwa kuti ndi mahule. Colinga cinali kuyeretsa mizinda, koma mabanja anapasuka, ndipo ena anafera komweko, kutali ndi abale ao. Mfuti imatha kusamutsa munthu, koma sitembenuza mtima. Conco tisamafulumire kupempha apolisi kuti agwire nchito ya cikumbumtima.

Komabe lamulo lili ndi malo ake, ndiwo pamene wamphamvu akupondereza wofooka. Lamulo la 2009 loletsa nkhanza kwa amayi m'banja, ndi la 2019 loletsa kukwatitsa ana osafika zaka 18, ndi malamulo olungama. Mwamuna wonena kuti "za m'nyumba mwanga n'zanga," kapena kholo lonena kuti "mwana ndi wanga, ndimkwatitsa kumene ndifuna," akudzitengera ufulu pa thupi la munthu wina. Apa boma likalowererapo, akhristu tiyenera kuliyamikira, ngakhale wolakwayo atakhala malume athu kapena mkulu wa mumpingo.

Muyeso womwewo ndi umene umatipatsa cisoni pa nkhani ya kucotsa mimba. Buku la malamulo a milandu la 2014, limene linalowa m'malo mwa la Apwitikizi la 1886, linalola mayi kucotsa mimba mpaka masabata 12. Papa João Paulo II, m'kalata yake ya Evangelium Vitae ya 1995, anaphunzitsa kuti lamulo la dziko liyenera kuteteza moyo wa wosalakwa kuyambira m'mimba. Mau akuti "thupi ndi langa" sakwanira pamene pali matupi awiri, ndipo limodzi silingathe kudzilankhulira. Koma tikanena zimenezi, tidzifunsenso: mtsikana wothamangitsidwa pakhomo cifukwa ca mimba, ndani mwa ife amamlandira? Nanga mwamuna womupatsa mimbayo, bwanji dzina lake silimveka pa milandu yathu?

Tsopano kwa inu acinyamata. Mwanena zoona ndithu kuti palibe amene ayenera kukukakamizani pa thupi lanu, kaya ndi mfumu, mphunzitsi kapena mwamuna wa ndalama. Ngakhale pa za cikhulupiriro, Msonkhano Waukulu Waciwiri wa ku Vaticano unalengeza m'caka ca 1965 kuti munthu asakakamizidwe kucita zotsutsana ndi cikumbumtima cake. Mulungu safuna ana omumvera cifukwa coopa ndende. Koma thupilo simunadzipangire nokha. Munalandira ngati mphatso, ndipo pa ubatizo linakhala nyumba ya Mzimu Woyera. Munthu womwa kacasu mpaka kugona m'njira mwina sadzaimirira pa bwalo la milandu, koma cimanga cake catha, ana ake agona ndi njala. Kukhala cete kwa lamulo sikusandutsa chimo kukhala cabwino.

Tikumbuke za mayi uja anagwidwa m'cigololo, pa mutu 8 wa Uthenga Wabwino wa Yohane. Om'bweretsa anali ndi lamulo kumbali yao ndi miyala m'manja. Ambuye Yesu sanalole kuti aponyedwe miyala, ndipo sanamuuze kuti wacita bwino; anampulumutsa, namuitana kuti asiye moyo wa ucimo.

Conco m'miphakati yathu, tikamva za coipa cina, tiyambe tafunsa ngati pali wofooka amene akupwetekedwa. Ngati alipo, tipite naye ku boma mopanda mantha, osabisa mlandu pofuna kusunga ulemu wa banja. Ngati palibe, nchitoyo ndi yathu: kulangiza, kupempherera, kudikira moleza mtima, ndi kuonetsa m'bale wathu njira ya ku sakramenti la kulapa.