Amalume a pa shopu

Zaka 6 ndinagulitsa simenti ndi misomali pa shopu ina ku Chawama. Sabata yoyamba abwana anandiitanira kuseri: "Iwe, akabwera a NAPSA uziti ndiwe mwana wa mlongo wanga, ungothandizako chabe." Ndinanenadi, katatu konse, ndikumwetulira. Munthu wa ku Mansa ndikumutcha amalume, ine kwathu ku Katete!

Lamulo limati adule 5 peresenti pa malipiro anga, iwo aikepo 5 inanso, zonse zipite ku NAPSA. Sanaperekepo ngakhale ngwee, ndipo amene anawatchinga ndine, ndi pakamwa pangapa. Mu April 2023 boma linalola kuti wopereka miyezi 60 atapeko 20 peresenti. Anzanga a ku Matero anagula malata. Ine wa miyezi 72 ndinalibe ngakhale nambala.

Manje musandiuze zoti nchito ndi yosowa, tizingomvera. Ndikudziwa, lendi ndimalipira nanenso. Bodza loti "abwana achokapo" pamene abisala kuseri kwa matumba kuthawa wankhongole, ilo ndimaseka nalo. Koma ili lina limadya ife tomwe. Mtsikana wa pa butchala akalumbira kuti nyama yadzana ndi yalero, wotsegula m'mimba usikuwo ndi mwana wa m'komboni momwemo, osati wa ku Kabulonga.

Dzulo ndinadutsa pa shopu ija. Pali kamnyamata katsopano, koyera mbuu ndi fumbi la simenti. Ndinakamva kakuitana: "Amalume, kasitomala!"