Chigoba chija sitinachigule: za manda a ku Dedza ndi a ku Brockley

Lero ndili ndekha, mlendo palibe. Ndiyankhula pang'onopang'ono ngati mwa masiku onse, kuti amene Chichewa chikukuvutanibe musatsalire m'mbuyo. Changanso n'chophunzirira kukhitchini ku Catford, ndiye pomwe ndaphonya amayi andikonza madzulo ano, musadandaule.

Mwezi watha ndinakangana ndi mnzanga wina amene tinakulira limodzi. Ndi katswiri wojambula zithunzi, ndipo makolo ake, ngati anga, anachokera kuchigawo chapakati ku Malawi. Anapeza chigoba cha Gule Wamkulu chikugulitsidwa pa intaneti. Maganizo ake anali akuti tichigule, wina achivale, tipite ku Hilly Fields m'mamawa dzuwa likutuluka, iye ajambule zithunzi pakati pa miyala ija, ine ndikonze webusayiti yoonetserapo. Akuti imeneyi ndiyo njira yobwerera ku mizu yathu, yopezera uzimu wathu. Ine ndinakana. Anakhumudwa kwambiri, mpaka lero moni wathu ndi wapatalipatali. Ndiye ndikufuna ndifotokoze chifukwa chake, poti ndikudziwa kuti ambiri a ife tili ndi njala imene iye ali nayo.

Njalayo ndi yeniyeni. Tinakulira m'tchalitchi, ena CCAP, ena Katolika, ena mipingo ya Pentekoste imene imachita lendi maholo Lamlungu. Ukafunsa za nyau, yankho linali lalifupi: zachikunja izo, usazitchule m'nyumba muno. Kenako wakula, wapita kuyunivesite, n'kupeza kuti UNESCO inalengeza mu 2005 kuti Gule Wamkulu ndi chuma cha anthu onse a padziko lapansi, ndipo azungu akulemba mabuku za iye. Umamva ngati anakubisira cholowa chako. Ndiye ukachiona pa intaneti, chili ndi mtengo wake, umangofuna kuchitenga basi.

Koma tiyeni tiyambe ndi liwu limodzi, poti pano timaphunziranso chinenero. Liwu lake ndi lakuti chopatulika. Limachokera ku mneni woti kupatula, kutanthauza kuchotsa chinthu pagulu la zinzake n'kuchiika pachokha. Mayi akamapatula ndiwo za mwana amene sanabwere kusukulu, ndiye kuti ndiwozo wina aliyense asazikhudze. Mwaona eti? M'chinenero chathu, chinthu chimakhala chopatulika chifukwa anthu agwirizana kuti apa pali malire. Kaya iwe ukumva kukoma mumtima, kaya sukumva kanthu, malirewo alipobe.

Ine ndinaziphunzira izi mochititsa manyazi. Tinapita kumudzi kwa amayi, m'boma la Dedza, kukaona chiliza cha agogo anga aakazi. Amene munafikako mukudziwa mmene dera lija lilili: minda ya chimanga paliponse, mitengo yambiri inapita kalekale ku nkhuni ndi makala. Koma uli pamsewu umaona timagulu ta mitengo ikuluikulu, tobiriwira, tayima patokha pakati pa minda. Ndinafunsa amalume kuti kodi timeneto ndi tinkhalango ta boma? Anaseka. Akuti ayi mphwanga, amenewo ndi manda.

Sitinangolowa. Amalume anayamba apita kwa amfumu kukapempha, ndipo tinaperekezedwa. M'katimo munali mthunzi wozizira, mbalame zikulira, mitengo yachilengedwe yoti sindinaione kwina kulikonse m'mudzimo. Nthambi zouma zili mbwee pansi, m'mudzi momwe amayi amayenda mtunda wautali kufuna nkhuni, koma palibe wotola ngakhale kamodzi. Ine, mwana wa ku London, dzanja linapita lokha m'thumba. Nditangotulutsa foni, amalume anandigwira pamkono, osakalipa, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Bwezera m'thumba. Kuno sitijambula." Pobwerera ndi pomwe anandiuza kuti kumidzi yambiri ya Achewa, dambwe, malo a gule, limakhala kumanda komweko kapena pafupi napo.

Chithunzi cha malo amenewo ndilibe, koma ndimawakumbukira kuposa malo onse amene ndinawajambula paulendo umenewo. Ndipo taganizirani: nkhalango ija sinatetezedwe ndi mpanda kapena mlonda wolipidwa. Yatetezedwa ndi mawu akuti "kuno sititero", amene mudzi wonse umawasunga. Ulemu womwewo mumauona pamsewu pakagwa maliro. Amayala masamba aawisi pamsewu, wapanjinga amatsika n'kuikankha, wagalimoto amachepetsa liwiro n'kutseka wailesi, wachipewa amavula. Womwalirayo sukumudziwa, koma umatsika.

Tsopano tibwerere kuno kwathu ku Lewisham. Hilly Fields, paki ija ili pakati pa Brockley ndi Ladywell, inatsegulidwa mu 1896 anthu atalimbana kuti phirilo lisamangidwe nyumba, ndipo mmodzi mwa otsogolera anali Octavia Hill. Miyala khumi ndi iwiri yozungulira ija, imene imaoneka ngati ya makedzana, inaikidwa m'chaka cha 2000 pokondwerera zaka chikwi zatsopano. Ndimaikonda, ndipo amene anaiganiza anachita chinthu chokongola. Koma ana amakwerapo, agalu amakodzerapo, ifenso tinadyerapo tchipisi tili ku sekondale. Palibe cholakwika, chifukwa palibe amene anaipatula. Ndi zaluso zili m'paki, basi.

Utsike phirilo, mphindi zochepa chabe, ufika kumanda a Brockley ndi Ladywell, amene anatsegulidwa mu 1858. Kumeneko zinthu zimasintha. Mitengo yakula mmene ikufunira, ziyangoyango zakuta ziliza zakale, nkhandwe zimadutsa masana, zinkhwe zobiriwira zija zili phokoso m'mwamba. Anthu amatsitsa mawu okha popanda wowauza. Palibe amene amabwera ndi mpira. Tsiku loyamba kulowamo nditabwerako ku Dedza, ndinaima n'kunena ndekha kuti, aa, koma izi ndi zomwe zija. Mitundu iwiri yotalikirana, koma onse anasiyira akufa malo, ndipo chilengedwe chinapezerapo pothawira.

Ngakhale dzina loti Ladywell lili ndi nkhani yake. Linachokera ku chitsime chimene anthu akale ankachitcha cha Maria Virigo, ndipo ankatungapo madzi kwa zaka mazana. Chitsimecho chinauma m'zaka za m'ma 1800 derali litayamba kumangidwa, lero chatsala ndi dzina pa siteshoni ya sitima. Chopatulika chimatha choncho, mwakachetechete, anthu akasiya kuchisungira malire.

Nanga chigoba chija? Kwa eni ake, chimene chimatuluka kudambwe si munthu wovala chigoba. Amati chilombo, ndipo chimabwera m'malo mwa mizimu ya makolo pamaliro, pachinamwali ndi polonga ufumu. Ine sindinagule njira, kutanthauza kuti sindinalowe gule, ndiye pali zambiri zoti si zanga kuzinena. Koma zimene aliyense amaona pabwalo zikukwanira kutiuza kuti luso lili pamenepo ndi lalikulu. Pali Kasiyamaliro, wooneka ngati nyama ya m'tchire, wolukidwa ndi makoko a chimanga. Pali Simoni wa nkhope yofiira, amene amatsanzira mzungu. Pali Maria, amene anabwera amishoni atafika n'kuyamba kulimbana ndi nyau. Gule ankaona chilichonse chatsopano, n'kuchiumba, n'kuchivinitsa pabwalo kuti anthu aseke komanso aphunzirepo mwambo. Koma zonsezi zimachitika ndi ng'oma zake, nyimbo za amayi, chilolezo cha amfumu, ndi chifukwa chake. Ukachotsa zonsezo, chimene chatsala m'manja mwako ndi mtengo wosema ndi nsanza. Ndiye kuti tikanajambula chigoba, uzimu umene mnzanga amaufuna osaupeza, kwinaku tikunyoza anthu amene timati tikuwalemekeza.

Chinanso chinandivuta. Basi imodzi kuchokera pano mufika ku Horniman Museum ku Forest Hill, imene Frederick Horniman, wamalonda a tiyi, anaipereka kwa anthu mu 1901. Mu 2022 nyumba imeneyi inavomera kubwezera dziko la Nigeria umwini wa zinthu 72 zimene asilikali a Britain analanda ku Benin City mu 1897. Tonse tinaombera m'manja, ine ndi mnzanga yemweyo tinatumizirana nkhaniyo pafoni. Ndiye zingatheke bwanji kuti ife tomwe tigule chigoba kwa munthu wosamudziwa, osafunsa kuti chinachoka bwanji kudambwe, n'kumati poti magazi athu ndi a Chichewa palibe mlandu? Magazi sakupatsa chilolezo. Ngakhale mnyamata wobadwira m'mudzi momwemo, ngati sanalowe, sayandikira.

Mnzangayo anandiyankha zinthu ziwiri, ndipo zonse ndi zomveka. Choyamba anati zinsinsi zimabisanso zoipa. Zoona. Nkhani za gule wothamangitsa ana asukulu, womenya anthu panjira, kapena wolowetsa anyamata mokakamiza zimamveka ku Malawi, ndipo mafumu enieniwo amazidzudzula. Mawu akuti "ndi chikhalidwe chathu" asatitseke pakamwa munthu akamapwetekedwa. Koma kudzudzula nkhanza ndi nkhani ina, kutenga chigoba kukachita nacho zako ndi nkhani inanso. Zithunzi za ku Hilly Fields sizikanapulumutsa mwana aliyense.

Chachiwiri chinandilasa kwambiri. Anati, "Ndiye ife obadwira kuno titani? Kutchalitchi akuti n'zachikunja, kumudzi akuti sitinalowe. Chathu n'chiti?" Funso limeneli ndagona nalo masiku ambiri.

Yankho langa ndi lakuti khomo lilipo, kungoti ndi lapang'onopang'ono. Ku Mua, m'boma lomwelo la Dedza, wansembe wa ku Canada, Bambo Claude Boucher, anayambitsa malo a zaluso a Kungoni mu 1976. Anaphunzira chinenero, anakhala ndi anthu zaka zambirimbiri mpaka anapatsidwa mfunda woti Chisale, ndipo nyumba ya Chamare kumeneko imasunga zigoba mazanamazana pamodzi ndi matanthauzo ake. Ngati munthu wochokera ku Canada anadekha choncho, ife tikuthamangira kuti? Chaka chilichonse mu Ogasiti, Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika, ku Katete, pamwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo gule amavina poyera, aliyense n'kuonera. Ku Chongoni kuli zojambula za pamiyala zimene UNESCO inazilemba mu 2006, zina mwa izo zokhudza chinamwali ndi nyau. Zonsezi ndi zotseguka kwa munthu wobwera ndi ulemu. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Komanso tikhoza kupanga zathu. Amene anaumba Simoni sanakope kwa wina, anayang'ana zimene zinali pamaso pawo. Pamaso pathu pali mtsinje wa Ravensbourne ukudutsa mu Ladywell Fields, pali msika wa Lewisham, pali amayi athu akubwera kuntchito ya usiku mayunifolomu ali m'chikwama. Mnzanga ali ndi diso lakuthwa. Akajambula zimenezo, webusayiti ndimukonzera ulere.

Ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu a pakompyuta, ndipo kuntchito timaphunzitsidwa kuti chilichonse chilembedwe, chisungidwe, chigawidwe. Mwina n'chifukwa chake mawu a amalume aja anandikhala. Ndinazindikira kuti pa moyo wanga panalibe malo ngakhale amodzi, kapena ola limodzi, loti ndinalipatula. Ngakhale pemphero ndinkalichita foni ili m'manja.

Ndiye ndinayamba kachizolowezi kakang'ono. Loweruka m'mawa ndimapita kumanda a Brockley. Pachipata ndimathimitsa foni n'kuchotsa mahedifoni. Sindijambula, sindithyola kanthu. Ndimayenda, kenako ndimakhala pabenchi n'kutchula mayina a Mulungu amene agogo ankatchula: Chauta, Namalenga, Mphambe, Chisumphi. Mayina amenewa analipo amishoni asanafike, ndipo ena mwa iwo timawaimba m'tchalitchi mpaka lero. Nditawauza amayi, anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa kuti, "Kumanda ukukatani iwe, wafedwa?" Ndinawafotokozera. Sanayankhe. Koma patapita masiku, tikutsuka mbale, anayamba okha kundiuza za mtengo wa msolo umene agogo awo ankathirapo nsembe ya ufa mvula ikachedwa. Zaka zonsezi sanandiuzepo. Ndikuganiza kuti ankadikira kuona ngati ndingathe kusunga chinthu osathamangira nacho pa intaneti, ndipo n'chifukwa chake zina zimene anandiuza usiku umenewo simuzimva pano.

Ntchito ya sabata ino ndi iyi. Funsani amayi, abambo, azakhali kapena agogo funso limodzi m'Chichewa: "Kodi kumudzi kwathu ndi malo ati amene sitiloledwa kulowa, ndipo chifukwa chiyani?" Akayankha, musajambule mawu awo. Ingomverani.

Kwa iwe mnzanga, ndikudziwa ukumvera ngakhale wandikwiyira. Loweruka ndidzakhala pachipata cha ku Brockley Road 9 koloko m'mawa. Kamera usiye kunyumba.